Tipeksi, madando ndi 50+1: zomwe khoti lidagamula pa 3 February 2020

Lolemba pa 3 February 2020 ndi anthu ochepa m'Malawi muno omwe adagwira ntchito yolozeka. Masitolo ambiri m'mizinda adali otseka poopa zipolowe, ndipo paliponse pomwe padali wailesi padaunjikana anthu, ena pakhonde, ena pansi pa mtengo wa mango, ena pasiteji ya minibasi. Oweruza asanu adafika kukhoti ku Lilongwe moperekezedwa ndi asilikali, nayamba kuwerenga mosinthanasinthana chigamulo cha masamba pafupifupi 500. Adayamba m'mawa ndipo adamaliza kutada, patatha maola oposa 10. Pomaliza penipeni m'pomwe mawu omwe dziko lonse linkadikira adatuluka: a Peter Mutharika sadasankhidwe motsata malamulo pa chisankho cha pa 21 May 2019, ndipo pachitike chisankho china pasanathe masiku 150.

Mpaka lero nkhaniyi imakambidwa m'njira ziwiri. Ena amati khoti lidagwira akuba mavoti. Ena amati oweruza adalanda boma m'manja mwa wopambana n'kupatsa otsutsa. Onsewa amadumpha zomwe zidalembedwa m'chigamulomo. Khoti silidanene kuti a Lazarus Chakwera kapena a Saulos Chilima ndiwo adapambana. Lidanena kuti momwe mavoti adawerengedwera ndi kuwonkhetsedwa, palibe munthu akanatsimikiza kuti zotsatira zomwe zidalengezedwa zidalidi zofuna za anthu ovota. Kuti izi zimveke, tiyenera kubwerera pomwe pepala la zotsatira limayambira ulendo wake.

Pa chisankho cha 2019 padali malo oponyera voti pafupifupi 5,000, ambiri mwa iwo pasukulu za pulayimale, ndipo anthu olembetsa adali oposa 6.8 miliyoni. Kuvota kukatha, mavoti amawerengedwa pomwepo, mamonita a zipani akupenya. Woyang'anira malowo amalemba manambala papepala la zotsatira: mavoti a aliyense wopikisana, mavoti owonongeka, mapepala ovotera omwe adabwera ndi omwe adatsala. Iye amasaina, mamonita nawonso amasaina, ndipo monita aliyense amapatsidwa kope lake. Pepala lenilenilo limapita ku malo owonkhetsera a dera la phungu, ndipo kuchoka kumeneko zotsatira zimatumizidwa ku likulu lowonkhetsera mavoti, lomwe chaka chimenecho lidali ku holo ya COMESA mu mzinda wa Blantyre. Chikhulupiriro chonse cha chisankho chagona papepala limenelo. Munthu wa ku Chitipa sangapite kukawerenga mavoti a ku Nsanje, amangodalira kuti pepala lomwe lafika ku likulu ndi lomwe lija lidasainidwa usiku wa kuwerenga.

Apa m'pomwe tipeksi adalowera. Ndi kamankhwala koyera kofufutira zolemba, kopezeka m'thumba la mphunzitsi aliyense, ndipo ambiri mwa oyang'anira malo ovotera amakhala aphunzitsi. Mapepala ochuluka adafika atapakidwa tipeksi, manambala ena atalembedwa pamwamba pake. Ena adali okhwatchidwakhwatchidwa ndi cholembera. Ena adali makope chabe m'malo mwa pepala lenileni, ena adalibe siginecha ya woyang'anira, ndipo ena sadali mapepala omwe adasindikizidwira malowo. Zipani zidapereka madandaulo 147 ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC. Wapampando wa bungweli, mayi Jane Ansah, omwenso adali woweruza wa khoti la Supreme, ankawatchula madandaulowa kuti “madando”, ndipo mawuwa adakhazikika m'chinenero chathu kuyambira pomwepo. Chipani cha MCP chidakatenga chiletso kukhoti choimitsa kulengeza, koma chiletsocho chitachotsedwa, pa 27 May MEC idalengeza kuti a Mutharika a DPP apeza mavoti 38.57 pa 100 alionse, a Chakwera a MCP 35.41, a Chilima a UTM 20.24, ndipo a Atupele Muluzi a UDF adatsalira pansi pa 5. Pakati pa woyamba ndi wachiwiri padali mavoti pafupifupi 159,000. Mawa lake a Mutharika adalumbira, wachiwiri wawo ali a Everton Chimulirenji.

A Chilima ndi a Chakwera adakasuma payekhapayekha, ndipo milandu iwiriyo idaphatikizidwa. Anthu ambiri amaganiza kuti khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ndi khoti lokhazikika lokhala ndi nyumba yakeyake. Ayi. Mlandu ukakhudza kutanthauzira malamulo aakulu a dziko, mkulu wa makhoti onse amautsimikiza kuti ndi wotero, ndipo umamvedwa ndi oweruza a High Court osachepera atatu. Pa mlandu uwu mkulu wa makhoti, a Andrew Nyirenda, adaika asanu: a Healey Potani monga wotsogolera, mayi Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Mike Tembo. Kumva umboni kudayamba pa 8 August 2019 ndipo kudatha mu December.

Chinthu chimodzi chomwe ndimaona kuti sichiyamikiridwa mokwanira n'chakuti khoti lidalola mlandu wonse kuulutsidwa pawailesi, uku ukumasuliridwa m'Chichewa. Kwa miyezi inayi, mlimi ali kudimba ndi wakabaza ali pasiteji ankamva mboni zikupanikizidwa ndi mafunso. Mayina a maloya monga a Modecai Msisha, a Chikosa Silungwe, a Frank Mbeta ndi a Kalekeni Kaphale, omwe adali mlangizi wamkulu wa boma pa za malamulo ndipo ankaimira MEC, adadziwika ngati mayina a osewera mpira. Anthu adamva a Daud Suleman, katswiri wa makompyuta yemwe adali mboni ya MCP, akuonetsa khoti momwe iye ankati makina otumizira zotsatira adalowereredwa. Adamva mkulu woyendetsa ntchito za MEC, a Sam Alfandika, akuyankha za mapepala opakidwa tipeksi. Tsiku la chigamulo litafika, anthu sadali kumva nkhani yachilendo. Umboni adali ataumva okha ndi makutu awo, ndipo ichi chidathandiza kuti chigamulocho chisaoneke ngati chophikidwa kuseri.

Mbali ya MEC ndi ya a Mutharika idali ndi mfundo yomveka, ndipo ndi bwino kuifotokoza mwachilungamo. Iwo ankati inde zolakwika zidalipo, pakuti palibe chisankho chopanda zolakwika, koma tipeksi adagwiritsidwa ntchito pokonza masamu omwe anthu otopa adalakwitsa usiku, makamaka pa chiwerengero cha mapepala ovotera otsala ndi owonongeka, osati pa mavoti a opikisana. Ankati mamonita a zipani adasaina, ndipo ngati odandaula akuti mavoti awo adabedwa, aonetse kuti ndi angati komanso pamalo ati. Imeneyi ndi njira yomwe makhoti ambiri mu Africa akhala akutsata: zolakwika pazokha sizikwanira, wodandaula atsimikize kuti zikanapanda kuchitika wopambana akanakhala wina. Vuto la njira imeneyi n'lakuti mapepala enieni, makina ndi zolembedwa zonse zimakhala m'manja mwa bungwe lomwe ukulisumiralo. Zili ngati kuuza munthu yemwe nkhokwe yake yathyoledwa kuti atchule kuchuluka kwa chimanga chomwe chasowa, pomwe kiyi ndi kaundula ali nazo ndi mlonda.

Oweruza adati kuwerenga manambala kokha sikukwanira, payeneranso kuunikidwa ngati chisankho chidayendetsedwa motsata malamulo. Adapeza kuti palibe lamulo lomwe lidalola munthu kusintha pepala la zotsatira lomwe lasainidwa kale, kaya ndi tipeksi kaya ndi cholembera. Adapeza kuti makope ndi mapepala opanda siginecha sadayenere kulandiridwa, komanso kuti makomishonala adasiyira antchito awo udindo woweruza madandaulo, chikhalirecho lamulo lidaupereka kwa makomishonala enieniwo. Zolakwikazo, malinga ndi khoti, zidali zofalikira, zochitika mwadongosolo ndiponso zazikulu, moti zotsatira sizikanadalirika. Ndipo wodandaula akaonetsa umboni wokwanira wakuti zinthu zidasokonekera, udindo umasamukira kwa MEC kuti ionetse kuti chisankho chidayenda bwino. Ichi MEC idalephera. Choncho khoti lidabwezeretsa zinthu momwe zidalili chisankho chisanachitike: a Mutharika adakhalabe mtsogoleri wa dziko podikira chisankho chatsopano, ndipo a Chilima adabwerera pa mpando wa wachiwiri.

Gawo lachiwiri la chigamulocho ndilo lasintha ndale zathu kwambiri kuposa nkhani ya tipeksi. Ndime 80(2) ya malamulo aakulu a dziko imanena kuti pulezidenti asankhidwe ndi anthu ambiri mwa ovota. Funso lidali lakuti “ambiri” ndi angati. Chisankho cha 1999 chitatha, a Gwanda Chakuamba adakasuma, ndipo khoti la Supreme lidagamula m'njira yomwe idasiya kuti wopeza mavoti ochuluka kuposa anzake ndiye wapambana, ngakhale asafike theka. Zotsatira zake tidaziona tonse. A Bingu wa Mutharika adalowa m'boma mu 2004 ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse, a Peter Mutharika mu 2014 ndi 36.4. Kutanthauza kuti mwa anthu 10 ovota, oposa 6 adali atasankha munthu wina.

M'dziko lomwe mavoti amatsata zigawo, dongosolo lotere limapereka phunziro loipa kwa andale. Ngati DPP ingadalire Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, MCP n'kudalira Lilongwe, Dowa, Dedza, Kasungu ndi Mchinji, UDF n'kugwira Mangochi ndi Machinga, ndiye kuti ntchito ya wopikisana ndi kukokera kwawo basi, n'kupempherera kuti otsutsana naye agawane mavoti otsalawo. Safunika kukagogoda kwa anthu a chigawo china. Bungwe lapadera lounika malamulo a zisankho lidalangiza mu 2017 kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka, ndipo bungwe la mipingo la PAC lidalimbikira kwambiri mfundoyi, koma aphungu adaikana mu December chaka chomwecho. Zomwe Nyumba ya Malamulo idakana, khoti lidati zidali kale m'malamulo aakulu a dziko, kungoti zidatanthauziridwa molakwika. “Ambiri” ndi theka la mavoti ovomerezeka kuphatikizapo voti imodzi, chomwe aliyense tsopano amangoti 50+1.

Khoti silidagwire ntchitoyi dziko lili phee. Kuyambira June 2019 bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC, motsogozedwa ndi a Timothy Mtambo, a Gift Trapence ndi anzawo, lidachititsa zionetsero mobwerezabwereza ku Lilongwe, Mzuzu, Blantyre, Karonga ndi m'maboma ena, pofuna kuti mayi Ansah atule pansi udindo. Zionetserozi zidaonetsa kuti anthu sadzaiwala nkhaniyi, koma tisabise, zidadzetsanso mavuto. Masitolo adathyoledwa, maofesi a boma adatenthedwa, ndipo amalonda ang'onoang'ono omwe sadalakwire munthu adataya mpamba wawo. Anthu atasiya kukhulupirira apolisi, asilikali a Malawi Defence Force, omwe mkulu wawo adali General Vincent Nundwe, ndiwo ankayenda m'mbali mwa ochita zionetsero kuwateteza. Mu March 2020 a Nundwe adachotsedwa pa udindo wawo.

Chilonda chachikulu cha nthawi imeneyi chili ku Msundwe, kunja kwa mzinda wa Lilongwe pamsewu wa ku Mchinji. Pa 8 October 2019 wapolisi, a Usumani Imedi, adaphedwa ndi gulu la anthu pa chipwirikiti chomwe chidabuka kumeneko. Zitatero apolisi adalowa m'midzi ndi m'misika ya Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo amayi ndi atsikana adagwiriridwa ndi kuchitidwa nkhanza. Bungwe la boma loona za ufulu wa anthu lidafufuza n'kutsimikiza kuti zidachitikadi. Bungwe la maloya achizimayi lidatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu August 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda adalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipepeso. Tikamakamba za mphoto zomwe Malawi adalandira chaka chimenecho, amayi amenewa ndi banja la wapolisi uja tiziwatchula pamodzi ndi oweruza, chifukwa mtengo wa miyezi ija udagwera pa matupi awo.

Padalinso kuyesa kugula chigamulo. Mkulu wa makhoti adakanena ku bungwe lothana ndi katangale la ACB kuti pali anthu omwe akufuna kupereka ziphuphu kwa oweruza asanu aja. Mu January 2020 mkulu wina wa banki adamangidwa, ndipo mu 2021 khoti lidamupeza wolakwa.

Kuchokera pa 3 February kufika tsiku lovota, panalibe sabata yopanda chopinga. Aphungu, sipikala ali mayi Catherine Gotani Hara, adavomereza mabilu okonza chisankho chatsopano, koma a Mutharika adakana kuwasaina, ndipo adakananso kuchotsa makomishonala omwe komiti ya Nyumba ya Malamulo idawapeza osayenera. Iwo pamodzi ndi MEC adachita apilo. Pa 8 May 2020 oweruza asanu ndi awiri a khoti la Supreme adagwirizana ndi chigamulo choyamba chija, kuphatikizapo 50+1, n'kuwonjezera kuti ovota akhale omwe aja adalembetsa mu 2019 ndipo pasalowe opikisana atsopano. Pa 21 May, patatha chaka chathunthu chichitikireni chisankho, mayi Ansah adatula pansi udindo, ndipo kumayambiriro kwa June woweruza Chifundo Kachale adasankhidwa kutsogolera MEC atatsala ndi masabata awiri okha. M'kati mwa zonsezi mudalowa matenda a Covid-19, omwe adapezeka koyamba m'dziko muno pa 2 April. Boma lidalengeza m'bindikiro wa masiku 21, koma HRDC idakatenga chiletso ponena kuti panalibe dongosolo lothandiza anthu odya za tsiku lomwelo. Kutatsala masiku ochepa kuti anthu avote, boma lidalengeza kuti mkulu wa makhoti apite kutchuthi chodikira kupuma pantchito. Makhoti adaletsa, ndipo maloya adayenda m'misewu atavala mikanjo yawo.

Apa 50+1 idaonetsa mphamvu yake. A Chakwera ndi a Chilima, omwe mu 2019 aliyense ankati atha yekha, adaona kuti popanda kugwirana manja palibe angafike theka. Adapanga mgwirizano wa Tonse wa zipani zisanu ndi zinayi. A Mutharika nawo adatenga a Atupele Muluzi kukhala wachiwiri wawo. Pa 23 June 2020 anthu adavota, popanda magulu akuluakulu oyang'anira zisankho ochokera kunja chifukwa cha mliri. Izi n'zofunika kuzikumbukira, pakuti mu 2019 magulu otere adalipo, lina lotsogozedwa ndi a Thabo Mbeki, ndipo ambiri adayamikira momwe kuvota kudayendera. A Chakwera adapeza mavoti 2.6 miliyoni, pafupifupi 59 pa 100 alionse, a Mutharika 1.75 miliyoni, ndipo a Peter Kuwani adatsalira kutali. A Chakwera adalumbira pa 28 June ku Lilongwe. Ku Kenya khoti lidafafanizapo chisankho cha pulezidenti mu 2017, koma a Raila Odinga adanyanyala chachibwereza ndipo a Uhuru Kenyatta adapambananso. Malawi ndiye lidakhala dziko loyamba mu Africa pomwe chisankho chidafafanizidwa ndi khoti, wotsutsa n'kupambana chachibwerezacho. Oweruza asanu aja adalandira mphoto ya 2020 ya bungwe la ku Britain la Chatham House.

Koma 50+1 ili ndi mbali yomwe sitidaiganizire mokwanira m'chisangalalo chija. Lamuloli limakakamiza zipani kugwirizana pofuna kupambana, koma silinena kanthu za momwe zidzakhalire limodzi zikalowa m'boma. Malamulo athu amapereka mphamvu zonse kwa pulezidenti, ndipo wachiwiri wake amagwira ntchito yomwe wapatsidwa. Pangano la pakati pa MCP ndi UTM silidaonetsedwe kwa anthu omwe adalivotera. Mu July 2022 a Chilima adauza dziko kuti adagwirizana zosinthana utsogoleri mu 2025, ndipo a MCP sadavomereze kuti chipani chawo chidamangidwa ndi pangano lotere. Malonjezo omwe adakopa anthu, monga ntchito 1 miliyoni, feteleza wa K4,495 ndi kudya katatu patsiku, adakumana ndi kusowa kwa ndalama zakunja, mizere ya mafuta, kugwa kwa kwacha ndi namondwe Freddy wa mu 2023. A Chilima adamwalira pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024 pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu, ndipo mwezi wotsatira UTM idatuluka mu mgwirizano wa Tonse.

Chifukwa cha chisankho chachibwereza chija, kalendala ya zisankho idasintha. Aphungu omwe adasankhidwa mu 2019 adakhala zaka zisanu ndi chimodzi kuti chisankho chawo chidzachitikire limodzi ndi cha pulezidenti, ndipo tsiku lovota lidasamuka kuchoka mu May kupita mu September. Pa 16 September 2025 anthu adavotanso pansi pa lamulo lomwe lija la 50+1. MEC, wapampando wake ali woweruza Annabel Mtalimanja, idagwiritsa ntchito masiku onse asanu ndi atatu omwe lamulo limapereka, ikuunika mapepala a khonsolo iliyonse isanalengeze. Anthu ena adatopa ndi kudikira, komabe ine ndimaona kuti kuchedwa kumeneko kudali chipatso cha chigamulo cha 2020, pakuti palibe komishonala yemwe akanafunanso kukaima m'khoti kufotokoza za pepala lomwe sadalione ndi maso ake. Pa 24 September zotsatira zidatuluka: a Peter Mutharika mavoti 56.8 pa 100 alionse, a Chakwera 33. A Chakwera adavomera kugonja MEC isanalengeze n'komwe. Wachiwiri kwa a Mutharika pa chisankhochi adali mayi Jane Ansah, ndipo awiriwa adalumbira pa 4 October pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre. Lamulo lomwe a DPP adalimbana nalo mpaka ku khoti la Supreme ndi lomwelo lidapangitsa kuti kupambana kwawo kusakhale kokayikitsa, chifukwa adadutsa theka ndi mavoti ochokera m'zigawo zoposa chimodzi.

Gawo limodzi la dongosololi silidayesedwebe. Pa zisankho ziwiri zomwe zachitika pansi pa 50+1, wopambana adadutsa theka ulendo woyamba. Tsiku lomwe palibe adzafike pamenepo, awiri otsogola adzayenera kupikisananso paokha, MEC idzafunika ndalama ndi mapepala ovotera a chisankho chachiwiri m'masabata ochepa, ndipo yemwe adzakhale wachitatu, pamodzi ndi omutsatira ake, ndiye adzasankhe komwe boma lipite.